Fyuzi Yanga Sidapse

Amene akunena kuti ndine ndidawotcha pikapu ya alamu anga aimirire pompano ndimuone kumaso. Aimiriretu. Mudandituma dala kuti ndikaone mbuzi ya ukwati kudambo, inu n'kutsala pakhonde langa lomwe mukupatsirana dzina langa ngati chipanda cha thobwa, mpaka mwagwirizana kuti galimoto yodzanyamula mwana wanga Tamanda Loweruka likudzali ine ndisaikhudze ngakhale ndi chala, swichi ya tinyali ta ukwati ndi hutala yoimba nyimbo ija akaike munthu wina wa pa boma amene magetsi adawaphunzirira pa foni. Mwana ndi wanga, ukwati ndi wa pakhomo panga, koma waya akagwire mlendo, ine Gama ntchito yanga ikhale yolondera njinga za alendo kuseri kwa nyumba. Zandiwawa, ndipo ndikunena poyera, pamaso pa akuchimuna omwe, kuti zandiwawa. Inu a komiti, musanalembe kanthu m'kope lanulo mumve kaye mmene zidayendera, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe.

Ndipo inu alamu anga a Ngozo, ndikudziwa kuti ndinu malume ake a mwanayu, mawu omaliza ndi anu, sindikulimbana nazo. Koma chonde lekani kusisita pamene padali nsidze zanupo ine ndikamayankhula. Aliyense waona kale kuti sizidamerenso, palibe chifukwa choitanira anthu ndi chala.

Ine magetsi sindidawaphunzire pa foni. Ndidawaphunzira ku Joni, pansi pa nthaka, mumgodi wakuya mwakuti tikalowa m'chikepe Lolemba m'mawa tinkakafika pansi Lachitatu ndevu zitamera, ndipo kumeneko mawaya ake ndi onenepa ngati ntchafu ya nkhunzi, moti moto ukamadutsamo umachita kumveka kupuma. Magetsi amenewo adandimenya m'mawa, adandimenya madzulo, adandiponya kudenga n'kundiwakha, mpaka chaka chachitatu adatopa okha n'kuyamba kundipatsa ulemu, ndipo kufikira lero ndikagwira waya wamoto amene amanjenjemera ndi wayayo. Mukuseka? Funsani Nangozo, mkazi wanga, uyo wakhala pamphasayo, mlongo wawo wa alamu omwewa. Chaka chimene ndidabwerako wailesi ya m'nyumba mwathu sidalawe batire, ndinkangoika chala kumbuyo kwake iyo n'kumaimba, ndipo ndikayetsemula inkasintha siteshoni. Nangozo, musayang'ane kumbali, mudavina nawo nyimbo zake.

Tsono alamu angawa adagula pikapu yawo yoyera ija, yonyamulira kachewere ndi kabichi kuchokera ku Biriwiri kupita kumsika wa pa boma, ndipo idayenda bwino mpaka udafika mwezi wa Juni, nkhungu n'kutsika. Inu ana a dzulo mukamati nkhungu mumanena kautsi kaja kamathawa tambala akangolira. Ya chaka chimenecho idali ina. Munthu potuluka m'nyumba ankayamba waisema ndi chikwanje kuti apeze njira, amayi ankakhomamo zikhomo n'kuyanikapo zovala, mbuzi zinkakwera pamwamba pake kukadya masamba a kunsonga za mitengo, ndipo ukapereka moni kwa mnzako mawuwo ankakodwa m'malere osafika, moti mudzi wonse udadana, aliyense kumati mnzake wayamba kunyada. Mukumva? Nyali za pikapu zija zinkangofika pamphuno pa boneti n'kukhota, kubwerera. Milungu iwiri galimoto ili chiimire pakhomo, kachewere wayamba kutuluka maso m'matumba.

Ndani adapita kwa mnzake? Alamu, yankhani nokha. Ndinu mudabwera kwathu kuno chipewa chili m'manja, mutanyamula nyali ziwiri zikuluzikulu ngati mabeseni ndi kaswichi kakuda kogula pamsika, n'kunena kuti m'Ntcheu monse mulibe dzanja lina loposa langa. Tsiku limenelo nsidze mudali nazo zonse ziwiri, ndipo mudazikweza pondichonderera. Ine sindidafunse kanthu, ngakhale nkhuku. Ndidangoti mlamu ndi m'bale, ndidanyamula bokosi langa la zitsulo n'kukutsatirani.

Tsopano tcherani makutu, sukulu iyi ndikukupatsani ulere, ndipo mukamufunse munthu wanu wa pa foniyo ngati akuidziwa. Ndisanakhudze kalikonse ndidatsegula boneti n'kumasula waya wakuda wa pa batire, chifukwa kulumikiza mawaya batire lili maso kuli ngati kukama ng'ombe osaimanga miyendo. Kenaka ndidasankha waya wonenepa woyenerana ndi njala ya nyali zimenezo, osati tiwaya ta wailesi timene anzanu amatola kudzala, chifukwa waya wowonda ukamusenzetsa moto wambiri amatentha thupi, chikopa chake n'kusungunuka. Pa waya ameneyo, pafupi penipeni ndi batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho, ndidamangapo kanyumba ka fyuzi. Fyuzi ndiye mlonda wa galimoto. Moto ukasochera, waya akakhudza chitsulo, iyo imaduka yokha, imafa kuti mwini galimoto akhale ndi moyo, ndipo malo ake ndi pakhomo penipeni pa batire, chifukwa mlonda wogona kuseri kwa nkhokwe akuba amangomudutsa. Ndidachita kuitanitsa yatsopano, yachikasu, ya mlingo wake ndendende, ili m'kapepala kake konyezimira, n'kuisunga m'thumba la pamtima kuti isagwe m'fumbi.

Swichi nayo ili ndi mwambo wake. Mbuli imatenga moto wonse wa nyali n'kuudutsitsa m'kaswichi kakang'ono pafupi ndi bondo la dalaivala, mawa lake n'kumadabwa kuti thalauza likununkha chiyani. Ine ndidaika pakati kabokosi kakuda kaja timati lileyi. Swichi ntchito yake ndi kuloza ndi chala basi, ngati apongozi kumunda, ndipo amene amawerama n'kusenza katundu yense ndi kabokosiko, mkamwini wa m'galimoto. Ndikudziwa chimene ndikunena, munda wa amayi awo a alamuwa ndidaulima ndine. Pamene waya amaboola chitsulo kulowa m'kati ndidamuveka kamphira, poti chitsulo chimatafuna waya pang'onopang'ono galimoto ikamadumpha m'mabampu, ndidamulambalalitsa kutali ndi paipi yotentha ya utsi, ndidamumanga kuti asalendewere, ndipo waya wobwezera moto ku thupi la galimoto ndidamumangira pamalo pamene ndidayamba ndapala penti mpaka chitsulo kuwala ngati supuni. Mfundo iliyonse ndidaifinya ndi pulayazi, ndidaiwotcherera, ndidaikulunga tepi katatu. Sindidasende waya ndi mano n'kumukulunga jumbo ya shuga monga amachitira pa siteji paja. Nditatha zonse m'pamene ndidabwezera waya wakuda pa batire, n'kukhala pansi kumwa tiyi amene adandiphikira akazi awo a alamuwa.

Ndipo pali anthu ena, ndikawaganiza mtima umachita kuwira, amene fyuzi ikapsa amaikulunga kapepala kasiliva ka m'paketi ya fodya, kapena kulowetsapo msomali, ati bola nyali ziyake. Munthu wotere ndi mfiti ya masana. Msomali sudziwa kufa, moto ukasochera iwo umangoti dutsani bwana, mpaka galimoto yonse kusanduka mbaula. Ndakhala ndikulalikira zimenezi pamaliro, pazinkhoswe, ngakhale pamzere wa kuchigayo, ndiye lero inu mundiike m'gulu limodzi ndi anthu amenewo? Ine?

Kutacha tidapakira. Matumba tidasanja mpaka akhwangwala kumatera pamwamba poyesa ndi phiri, alamu pa chiwongolero, ine pambali pawo, kunja kuli nkhungu yoti ukatulutsa dzanja pawindo umachita kulizula pobweza. Tidakankhana nayo mpaka pamsewu waukulu, injini ikubuula ngati ikuzula chitsa, ndipo pamenepo alamu adandiuza kuti ndidine. Ndidadina ndi chala ichi, chionenitu, kaswichi n'kungoti tcha.

Pali malemu bambo anga, ndikanama mphenzi indipeze pakhonde pompano: nkhungu ija idang'ambika pakati ngati chitenje chakale, theka lidathawira ku Mozambiki osaonetsa ndi chiphaso chomwe pachipata, theka lina lidadzikulunga ngati mphasa n'kugubuduzika kunka kuchigwa, ndipo moni yense wa milungu iwiri amene adakodwa m'malere adagwa nthawi imodzi, phiri lonse kumangomveka mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, ndadzuka kaya inu, mpaka anthu amene adaleka kuyankhulana adatuluka m'nyumba akulira n'kukumbatirana. Kuwalako sikudaime, kudaumitsa zovala zonse pazingwe, kudapsetsa matimati aawisi m'madimba, kudapezetsa singano zonse zimene amayi adataya chikwatiwire, kudamata chithunzithunzi cha ng'ombe pathanthwe moti ng'ombeyo idapita kudambo yokha chithunzicho n'kutsala, chilipo mpaka lero, ndipo anthu a ku Champiti amene ankapita kuchipatala adadziona mafupa ali panjira n'kubwerera kwawo atadziwa kale chowavuta. Mukumva? Dzuwa lenilenilo lidasuzumira kuseri kwa phiri, lidaona kuti ntchito yagwiridwa kale, lidabwerera kukafunda. Alamu adaseka m'mawa umenewo mpaka kundimenya pamsana, ndipo adalonjeza kuti mwana wawo wotsatira adzamutcha dzina langa. Adamutcha Mavuto, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tsono apa ndi pamene adani anga amapotoza nkhani. Kutsogolo kwathu, pamtunda, padali tchalitchi chimene adali atangochifolera malata atsopano, ongochoka kusitolo, osalawa dzimbiri. Kuwala kuja kudakawomba pamalatapo, kudasowa kolowera, ndipo chinthu chikasowa kolowera chimabwerera kwawo, ngakhale mwana wothawa sukulu amadziwa zimenezo. Ndidakuona ndi maso angawa kukubwera mumsewu, kukudumpha mabampu, kudalambalala ngolo ya ng'ombe mwaulemu, kudalowa m'nyali momwe kudatulukira, kudatsata waya wanga chifukwa ndiye adali msewu wosalala m'galimoto monsemo, mpaka kudakaunjikana pansi pa dashibodi. Utsi umene alamu amalumbira kuti adauona ukufuka pamawondo awo ndi umenewo. Sudali utsi wa waya wolakwika, kudali kuwala kochuluka kopanda pokhala. Ndidadina swichi kuti ndizime, swichi idamvera, koma mlendo adali atalowa kale m'nyumba.

Mukuti bwanji a mlembi? Kuti tchalitchi chimenecho adachifolera chaka chotsatira? Inu mudali m'pikapumo kapena ine? Malata adalipo, mwina adali asanakwere padenga, adali atawatsamiritsa pakhoma, ndipo lata ndi lata kaya lagona kaya laimirira. Musandidule mawu, cholembera chanucho chidikire.

Ndani adakupulumutsani, alamu? Moto utagwira mipando inu mudangoti kakasi, manja pa chiwongolero, mukuitana amayi anu. Ine ndidakugwirani pakolala, ndidakutulutsirani pawindo la mbali yanga pikapu ikuthamanga, ndidakukhazikani paudzu wofewa, ndidakuvekani chipewa chanu, ndidathamanga kuipitirira galimotoyo, ndidatsegula boneti ikuyendabe, ndidazula batire ndi manja awiriwa n'kuliponya kuseri kwa phiri, kumene lidakagwera pakati pa mudzi wina umene mpaka pano amatchajirapo mafoni. Nsidze zokha ndi zimene ndidachedwa nazo, munthu ali ndi manja awiri basi. Pikapu ija idatsetsereka yokha mtunda wonse uja ili lawilawi, kachewere akupsa kumbuyo, mabampu akumusenda, zitsulo za m'mbali zikumucheka, kabichi naye akudziduladula yekha, moti pofika pa boma fungo lidali litatsogola kale, akabaza ataima pamzere ndi mbale zawo, amayi a mumsika atagwira mchere ndi tsabola, ndipo idakaima yokha pamalo ake a masiku onse, matayala n'kuphulika onse anayi ngati akuwomba m'manja. Ntcheu idadya tchipisi masiku atatu. Adathokoza ndani? Palibe, onse adangopukuta pakamwa n'kuyamba kunena kuti Gama wawotcha galimoto ya mlamu wake.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndasenza dzina limeneli. Ndikadutsa pa siteji madalaivala amatseka maboneti. Kutchalitchi babu likapsa amadikira ndituluke kaye ndiye wina akwere pabenchi. Ngakhale tochi ya m'nyumba mwanga Nangozo amakasinthira mabatire kukhitchini, poganiza kuti sindikuona. Ndidapirira zonsezo, koma za mwana wanga sindipirira, ndiye lero ndabwera ndi umboni, ndipo ndikufuna inu a komiti muganize ngati anthu akuluakulu. Waya akalakwika, chimayamba kufa n'chiyani? Fyuzi. Ndanena kale, ndipo palibe watsutsa. Tsono ntchito yanga ikadakhala yolakwika, fyuzi yanga ikadapsa. Idapsa? Sidapse! Nayi. Ndayenda nayo m'thumba la pamtima zaka zonsezi, malaya akamapita kochapa ndimayamba ndaitulutsa. Ipatsiraneni, akuchimuna nawonso aigwire, muiyang'anitsitse padzuwa: kawaya ka m'kati kali chilumikizire, ili yachikasu ngati tsiku limene ndidaigula, ngakhale kapepala kake sikadatsegulidwe.

Mukundiyang'ana chiyani? Nangozo, mwagwira pakamwa bwanji? Alamu, musanong'one, nenani mokweza anthu amve.

"Alamu, ngati fyuzi ikadali m'kapepala kake, m'galimoto mwanga mudali chiyani?"

Funso lachipongwe limenelo, koma ndiyankha, sindine munthu wothawa. Inu nonse pano mudakulira kumudzi. Nsapato zatsopano mumayenda nazo m'matope? Simuzinyamula m'manja mpaka pakhomo pa tchalitchi, n'kupukuta mapazi paudzu, ndiye n'kuvala? Mbale zatsopano za Nangozo zili m'kabati chigulire, zikudikira alendo amene sanabadwe. Tsono ine fyuzi yatsopano, yokongola chonchi, yochita kuitanitsa, ndikadaiika pantchito yongoyesa, kuti mwina ipse pachabe tisanachoke ndi pakhomo pomwe? Ndidati ndiyesere kaye kanthu kena, zikayaka bwino ndiye ndiike yeniyeniyo tikamalowa pa boma, pamaso pa anthu. Kanthu kenako kadali pafupi, pawindo la alamu omwewa, kotsala pofolera khitchini yawo. Inde, msomali. Wa malata. Ndanena, mwamva, musachite kundibwerezetsa ngati mwana wa sukulu. Nyali zitayaka momwe zidayakira muja, dzuwa n'kuthawa, ndani akadakumbuka za m'thumba?

Lekani kuseka, a komiti, mkazi wanga akuyankhula. Nangozo akuti velo la Tamanda ndi lalitali, lodzaza mpando wonse wakumbuyo, ndipo nsalu yake ndi ija imayaka ukangoiyandikiza kandulo. Ndamva, mayi, ndamva. Ndidamuona dzana ataliyesa akuzungulira pabalaza, akundifunsa ngati wakongola, ndipo chifunsireni alamu funso lawoli ndikuchita mantha amene sindidachite ngakhale pansi pa mgodi. Mwana ameneyu nsidze zake adatengera ine. Lembani munthu wanu wa pa foniyo. Koma mukamuuze kuti Loweruka m'mawa ndidzaima kumbuyo kwake, manja kumsana, waya sindidzamukhudza, ndipo galimoto sidzasuntha pakhomo pano ndisanaone ndi maso anga fyuzi italowa m'kanyumba kake. Akaona kuti mlingo wake ukuyenerana ndi waya wake, aike yomweyi. Alamu, tsegulani kapepalako ndinu, yadikira mokwanira.

Koma m'kope lanulo mulembenso ichi, a mlembi, ndipo mulembe ndi zilembo zikuluzikulu. Pikapu ija idapsa yonse, mipando, matayala, chiwongolero, nsidze, koma msomali wanga ndidakautola m'phulusa uli chiwongokere, osapindika ngakhale pang'ono. Kwezani maso. Ndi umenewo wagwira lata limene mwakhala pansi pakeli, ndipo chikhomereni silidadonthepo.